Mawa Lake Lili Kuti? Maganizo pa nkhani ya mlimi wa fodya ija

Pa msonkhano wathu wathawu ndinakhala chete pamene tinali kukambirana nkhani ya mnzathu ija, ya mlimi wa fodya wa ku Dowa amene anamwera ndalama zake zonse pa Mponela. Potuluka ena munandifunsa kuti bwanji lero mkulu wolongolola uja sanatsegule pakamwa. Ndinayankha kuti mutu unali kundiwawa, koma limenelo linali bodza. Mau ndinali nawo ambiri, kungoti sindikanatha kuwanena popanda kudziulula, ndipo kudziulula pamaso pa anthu nkovuta kuposa kudziulula pa pepala. Tsono ndalemba. Mwini nkhani andikhululukire ngati pena ndaponda mwamphamvu. Nkhani yopanda pake sindikanaitayira nthawi yotere.

Kwa amene simunalipo, nkhaniyo ikuyenda motere. Bambo wina wa m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi walima fodya, wamanga mabelo, wagulitsa ku okushoni ku Kanengo. Ndalama zitatuluka sanafike nazo kunyumba. Watsikira pa Mponela, wakhalapo milungu iwiri, ndipo wabwera kumudzi ndi wailesi yopanda mabatire. Mkazi watopa, wapita kwao. Mwana wadwala. Kenaka kwafika msonkhano wa chitsitsimutso, mlaliki walalika, bambo uja walira, waswa botolo la kachasu pa mwala, ndipo dzuwa likutuluka pa phiri la Ntchisi nkhani nkuthera pomwepo.

Ndiyambe ndi chimene ndinachikonda, chifukwa chilipo. Pa tsamba lachitatu mkazi uja akufuna kuchapa jekete la mwamuna wake, napeza m'thumba kapepala ka ku okushoni. Iye sadziwa kuwerenga bwino, tsono aitana mwana wake wa Sitandade 6. Mwanayo awerenga mokweza ndalama zimene bambo ake analandira, kenaka akhala chete, chifukwa nayenso wazindikira chimene wawerenga. Mlembi sanaonjezepo kanthu, sanatiuze kuti mowa ndi woipa, sanaponyepo mwambi. Anangotisiya ndi mai, mwana ndi kapepala. Pamenepo ndinaona kuti mnzathuyu ali ndi maso, ndiponso kuti mudzi umene akulembawo amaudziwa. Nchifukwa chake zimene zikutsatira zinandipweteka.

Vuto langa lalikulu ndi mathero. Nkhaniyi yathera pamene inayenera kuyambira. Kuswa botolo sikovuta. Aliyense amene anamwapo mowa mpaka kudzida anaswapo botolo, kapena kulumbira pa manda a amake, kapena kupereka chikwama kwa mkazi kuti asunge. Ine ndinachitapo zonse zitatu. Chovuta ndi mawa lake, ndi mkuja, ndi tsiku la msika, ndi mwezi wa Meyi wa chaka chinacho pamene fodya wagulidwanso ndipo basi yaimanso pa Mponela pomwe paja. Mlembi watipatsa masamba 11 a kugwa ndi ndime imodzi ya kudzuka, ndipo akufuna tikhulupirire kuti ndime imodziyo yalemera kuposa masamba onse aja.

Komatu mathero amenewa si a mnzathuyu yekha. Ndi cholowa chathu tonse, ndipo chinachokera m'mapiri omwewa. Amishoni a Dutch Reformed anafika pa Mvera mu 1889, pa Kongwe mu 1894, ndi pa Nkhoma mu 1896. Iwo ndiwo anabweretsa sukulu ndi makina osindikizira mabuku m'dera lino, ndipo mpingo wao unaika lamulo lolimba lakuti mkhristu asamwe mowa kapena kuufulula. Thobwa lokha ndilo linapulumuka. Mmodzi wa aphunzitsi a mishoniyo, Samuel Josia Nthara, analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero ndi miyambo ya mu Afrika. Mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Bukulo limatsata munthu kuyambira kubadwa, kupyola m'zolakwa za unyamata, ulendo wokagwira ntchito kunja ndi ufumu, mpaka kutembenuka mtima. Mu 1949 Nthara yemweyo anatulutsa Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi kufupi ndi Kongwe, imene inalandira Chikhristu itakula kale. Mabuku awiriwa anatiphunzitsa njira imodzi yoyendetsera nkhani: munthu asokere, avutike, atembenuke, buku litsekedwe. Ambiri a ife tinaiphunzira njirayi tisanadziwe nkomwe kuti ndi njira imodzi mwa zambiri.

Sindikunyoza Nthara ai. Iye anali ndi ufulu wotseka buku lake motero chifukwa anaperekeza Nthondo mpaka kumanda, ndipo wakufa sayambiranso. Kutembenuka kwa Nthondo nkotetezedwa ndi dothi. Mnzathuyu wabwereka chitseko cha Nthara, koma munthu wake wamusiya ali moyo, wa zaka 35, ali ndi ngongole ya feteleza, nyumba yopanda mkazi, ndi anzake onse akale akumudikira pansi pa mtengo wa mango. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mlembi wanena kuti wadala munthu ali pakati pa mtsinje.

Chodabwitsa nchakuti mpingo womwewo umadziwa bwino-bwino zimene alembi athu akukana kudziwa. Akulu a mpingo pa Kongwe kapena pa Chinthembwe ali ndi mwambo wodula munthu amene wagwa, ndiponso ali ndi mwambo womubweza akaonetsa kulapa kwa nthawi. Mwambo wobwezawo sukanakhalapo kukanakhala kuti anthu amatembenuka kamodzi nkutha. Akulu a mpingo, amene sitiwayesa akatswiri a zolemba, amadziwa kuti munthu amagwa kawiri ndi katatu. Ife a ku koleji ndife tikulembabe ngati sitinamvepo.

Tsopano ndinene chimene chinanditseka pakamwa tsiku lija. Ine ndinasiya mowa miyezi 14. Ndinkawerenga masiku pa kalendala ya kuseri kwa chitseko. Tsiku limene ndinauza amai kuti ndasiya, anaimba nthungululu pabwalo, anapha nkhuku, anauza mudzi wonse. Ndikanakhala munthu wa m'nkhani ya mnzathuyu, dzuwa likanatulukira pamenepo. Koma mudzi wathu uli pawiri, ena ndi a mpingo, ena ndi a ku dambwe, ndipo atsibweni anga anali a ku dambwe. Atamwalira, patapita nthawi, a kubanja anafulula mowa wa bona. Ine ndinapita monga muphwa, ndipo ndinakhala kumbali ndi chikho cha thobwa. Madzulo mkulu wina, mbale wao wa malemuwo, anabwera ndi chipanda nagwada pafupi nane. Anati, "Landira, mphwanga. Si wanga mowawu, ngwa atsibweni ako." Sanali kundiyesa, sanali mfiti, sanali Satana. Anali nkhalamba yachisoni yochita mwambo. Ndinalandira ndi manja awiri, ndi mtima wakuti ndingonyowetsa milomo. Patapita masiku atatu ndinadzuka pa khonde la sitolo ina pa boma la Dowa, nsapato palibe. Ndinamwa miyezi 5 yotsatira, moposa kale. Polemba pano ndili ndi masiku 53.

Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, koma kuti ndionetse zinthu zitatu zimene nkhaniyi yaziphonya, ndipo zonse ndi nkhani za luso la kalembedwe, osati za ulaliki.

Choyamba ndi thupi. Munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, nkutsiriza ndi milungu iwiri ya pa Mponela, sangaime m'mawa mwake nkumasirira dzuwa. Manja amanjenjemera moti kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri, thukuta limatuluka ngakhale kukuzizira kwa mwezi wa Juni wa ku Ntchisi, tulo sabwera, mtima umathamanga. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amayamba kuona njoka ndi tizilombo pa khoma, ena amagwa ngati a khunyu, ndipo ena amafa kumene. Kumudzi zikatere amati amulodza, namka naye kwa sing'anga, pamene chimene chikufunika ndi chipatala, chifukwa munthu womwa kwambiri chotere kusiya mwadzidzidzi popanda thandizo la mankhwala nkoopsa. Mlembi anatifotokozera bwino matsire a munthu wake ali pa Mponela, ndipo tonse tinaseka. Koma matsire ndi mwana chabe. Chibaba, chimene chimakudzutsa 3 koloko ya usiku nkukuuza mwaulemu kuti kamodzi kokha sikangakuphe, m'nkhani yonseyi mulibe. Mlembi wationetsa chidakwa kuchokera kunja, monga m'mene ana amachionera chikamadzandira pa mseu. Sanalowe mkati.

Chachiwiri ndi mudzi. M'nkhaniyi mowa uli pa Mponela pokha, ngati kuti ndi chinthu cha ku tauni chimene munthu angachithawe pobwerera kumapiri. Ife a kumeneko tikudziwa kuti sizili choncho. Mowa uli pa dima pamene anthu athandizana kulima, uli pa bona, uli pa ukwati, uli pamene mlandu watha ndipo anthu akugwirana chanza. Amuna amamvera nkhani za m'mudzi pa mowa: ndani akugulitsa ng'ombe, ndani akufuna aganyu, makuponi afika liti. Munthu akasiya mowa sasiya chakumwa chokha, amasiya bwalo. Miyezi 14 ija ine ndinali munthu wosungulumwa kuposa nthawi ina iliyonse ya moyo wanga. Anzanga akale ankandifunsa moseka kuti, "Kodi achimwene, mwayamba ubusa?" A mpingo nawo ankandipatsa moni ndi maso oyeza, kudikira kuti aone ngati ndi zoona. Munthu wa m'nkhani uja adzakhala ndi yani Loweruka madzulo? Mlembi sanadzifunse.

Pomwepa ndidandaulenso za mai wotcheza kachasu. M'nkhaniyi wapatsidwa maso ofiira ndi kuseka kwa mfiti. Kwathu amene amatcheza kachasu ambiri ndi amai amasiye ndi osiyidwa, ndipo velemoti iliyonse ndi sopo, mchere ndi fizi ya mwana. Ndikudziwa anzathu ena pa koleji pano amene anafika kuno ndi ndalama za mu mbiya. Zimenezi sizichotsa kuipa kwa kachasu, koma zimapangitsa nkhani kukhala yovuta, ndipo nkhani yovuta ndiyo yoyenera kulembedwa. Ndiponso mdaniyo sakhala kwa mai ameneyu kokha. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, Chibuku ali pa malo a malonda alionse, ndipo boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, mowa waukali womwewo unabwerera m'timabotolo totsika mtengo timene timakwana m'thumba la malaya. Kuswa botolo limodzi pa mwala m'dziko lotere kuli ngati kupha udzudzu umodzi m'dambo.

Chachitatu, chimene chili chachikulu kwa ine, ndi kusiya kwachiwiri. Chichewa chathu chili ndi kachidutswa kakang'ono kamene timakamata ku mapeto a mneni, "nso". Tayesani kumvetsera kulemera kwake. "Wasiya mowa" ndi uthenga wabwino, anthu amauzana pa chitsime. "Wayambanso" ndi uthenga wa maliro, amaunena motsitsa mau. Koma "wasiyanso" amaunena akuseka, chifukwa "nso" ameneyu wanyamula mbiri yonse ya kulephera. Nditabwerera kunyumba pambuyo pa masiku atatu aja, amai sanandikalipire. Anangoti, "Mwadzuka, aBanda? Phala lili apo." Ndipo patapita miyezi 5, nditawauza kuti tsopano ndasiyadi, sanaimbe nthungululu, nkhuku sinafe. Anati, "Chabwino," napitiriza kupeta. Sindiwaimba mlandu; nthungululu yao ndinali nditaidya kale. Kusiya koyamba kumakhala ndi oonerera. Kusiya kwachiwiri umasiya wekha, pamaso pa anthu amene ali ndi chifukwa chomveka chosakukhulupirira, ndipo mmodzi wa anthuwo ndi iwe mwini. Imeneyi ndiyo nkhani imene ndikuilakalaka m'Chichewa, ndipo mnzathuyu anali nayo pafupi kwambiri.

Mmodzi wa aphunzitsi athu ananena pa msonkhano paja kuti nkhani yotere iyenera kupereka chiyembekezo, makamaka poti ikhoza kuwerengedwa ndi ana a ku sekondale. Ndikuvomereza kuti chiyembekezo nchofunika, ndipo ine ndikuchifuna kuposa aliyense m'chipinda chija. Koma tiyeni tiganizire wowerenga wina, amene anaswa kale botolo lake, analira kale pa chitsitsimutso, ndipo lero wadzukanso pa khonde la sitolo. Akawerenga kuti mnzake anachira tsiku limodzi, iye aganiza chiyani? Aganiza kuti iyeyo ndiye wotembereredwa, kapena anamulodza, kapena Mulungu anamukana, ndipo munthu woganiza motero amapita kukamwa. Ine ndinamwa miyezi 5 m'malo mwa masiku atatu chifukwa ndinakhulupirira kuti miyezi 14 ija yatayika yonse, kuti madzi akatayika saoleka. Palibe nkhani imene inandiuzapo kuti kugwanso ndi gawo lodziwika la matendawa, ndi kuti munthu akhoza kudzuka pa tsiku lachinai.

Anthu ena kunja anazindikira zimenezi kale. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 mu mzinda wa Akron ku America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinapeza kuti zimatha kudziletsa zikamayankhulana. Wilson anali atagonekedwa m'chipatala kangapo chifukwa cha mowa asanasiyiretu. Anthu a gulu limeneli salonjeza za moyo wonse, amalonjeza za tsiku limodzi, ndipo mawa amalonjezanso. Kuno kwathu a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a vuto lomweli, koma kuchoka ku Malomo kapena ku Nthondo kukafika kumeneko ndi ulendo ndi ndalama. Munthu wa m'mapiri amene wagwanso nthawi zambiri amakhala ndi mkazi wake, akulu a mpingo, ndi mutu wake basi. Ngati pali chimene nkhani ingamuchitire, ndicho kumuuza zoona za njira imene akuyendamo, kuti akakhumudwa asaganize kuti njirayo yatha.

Pali tina ting'ono-ting'ono toti ndinene. Mkazi wa m'nkhaniyi akuitana mwamuna wake ndi dzina lake la ubatizo, ngati ali pa kanema. Mai wa kumudzi ku Dowa anganene kuti "aPhiri" kapena "bambo a uje", ndipo akakwiya kwambiri ulemuwo ndiye umachuluka, mpaka umabaya. Mlembi wataya chida chakuthwa pamenepa. Chinanso, sitinauzidwe ngati banjali ndi la chikamwini kapena la chitengwa, chonsecho nkhani yonse yatsamira pamenepo: pa chikamwini mkazi sapita kwao, mwamuna ndiye amapezera katundu wake panja. Ankhoswe nawo sakuoneka paliponse, ngati kuti banja la kumudzi limatha ndi anthu awiri okha. Ndipo pa tsamba lomaliza pali miyambi itatu yotsatizana. Mlembi amene anakhulupirira kapepala ka ku okushoni pa tsamba lachitatu wasiya kutikhulupirira ife pa tsamba lomaliza, wayamba kutikuwira. Ndikuganiza kuti miyambiyo yachuluka chifukwa iye mwini sakukhulupirira mathero ake, tsono akuwachirikiza ndi mizati.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti mkuluyu sakuweruza nkhani, akungofuna kuti mnzake amulembere mbiri yake. Mwina pali choonadi pamenepo, ndipo owerenga achotsepo chimene akuona kuti ndi changa. Koma funso limene ndikufunsa lili m'nkhani momwemo, silinachokere kwa ine. Mlembi ndiye anatipatsa mwana wodziwa kuwerenga uja. Mwana ameneyo anaona nambala, ndipo sadzaiiwala. Bambo ake akadzabwera kunyumba nkunena kuti ndasiya, mwanayo adzawayang'ana bwanji? Munthu amene analenga mwana wotere alibe ufulu wothawira ku dzuwa la pa phiri la Ntchisi.

Pempho langa tsono ndi ili. Nkhaniyi isatayidwe, ndipo chitsitsimutso chisachotsedwe, chifukwa anthu amatembenukadi m'misonkhano yotere ndipo ena amalimba mpaka imfa. Koma masamba 11 aja afupikitsidwe akhale atatu, ndipo nkhani iyambe chaka chotsatira, bambo uja atagwanso kamodzi. Litenge tsiku limodzi lokha, tsiku lokalandira ndalama za fodya. Tione akusankha mpando wa m'basi wa mbali imene sikuyang'ana ku mabala. Timve kondakitala akuitana Mponela, ndi mnzake wakale akugogoda pa zenera. Tione mkazi, ngati anabwerera, akumulandira katundu pakhomo nayandikira pang'ono kuposa m'mene mwambo umafunira, kuti anunkhize mpweya wake, ndipo iye akudziwa chimene mkaziyo akuchita koma osanena kanthu. Mlembi asatiuze za chaka chamawa, chifukwa sakuzidziwa, ndipo munthu wakeyo sakuzidziwanso. Atiuze za tsiku limenelo lokha, ngati linatha bwino kapena ai.

Akailemba ndidzabwera kudzaimva, ndipo ulendo uno ndidzayankhula. Koma ndikapanda kuoneka pa msonkhano ukudzawu, musafunsane m'makonde kuti kodi mkulu uja wayambanso. Chipinda changa mukuchidziwa. Bwerani mudzagogode.